Amayi akulandira fataleza wa FISP, nanga ndalama ikuthawira kuti?

Telala wa ku Kapata:

Abale, ndabwera ndi funso, ndipo ndikufuna makamaka inu amene mumagwira khasu, osati ife olima pa foni tili m'tauni.

Ine ndimasoka zovala kuno ku Chipata, chakufupi ndi msika wa Kapata. Amayi ali kumudzi ku Kasenengwa. Pakhomo pali anthu asanu ndi awiri: iwowo, mlongo wanga wotsiriza ndi mkazi wake ndi kamwana kawo, ndi ana atatu a malemu akulu anga. Amayi ali mu kopaletivu ndipo dzina lawo limatuluka pa FISP, pulogalamu ya boma la Zambia yopatsa alimi ang'onoang'ono fataleza ndi mbewu motchipa. Seputembala akangolowa ndimadziwiratu kuti foni ilira: "Mwanawe, a kopaletivu ayamba kulemba." Ndimatumiza K400 ija imene mlimi amalipirako pa FISP, kenaka K150 ya kopaletivu, kenaka ya ngolo yokatenga matumba. Sindidandaula ayi, ndi amayi anga.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi masamu a zokolola za 2025. Anapeza matumba 6 a fataleza, atatu a D Compound (wapansi) ndi atatu a yureya (wapamwamba), ndi mbewu ya 10 kg. Thumba limodzi la yureya anapatsako amayi aang'ono, amene dzina lawo silinatuluke. Mvula inagwa bwino, osati ngati 2024 pamene chimanga chinauma chitangomasula ngayaye. Anakolola matumba 34 a 50 kg. Matumba 16 anasunga a chakudya, awiri anapita kwa mwini ng'ombe zimene zinagawula munda, otsala 16 ndiwo ogulitsa.

Apa ndiye pamene mutu wandiima. Matumba 7 anapita kwa mavenda mu Meyi pa K200 thumba, chifukwa ana anali kubwerera kusukulu opanda nsapato, pa kantemba panali ngongole ya sopo ndi mchere, komanso kunagwa maliro kuchibale cha atate. Matumba 9 ndiwo anadikira depoti ya FRA, bungwe la boma logula chimanga, pa K340. Zonse pamodzi K4,460. Chotsanipo zimene ndinatumiza zija, masaka, aganyu opalira ndi mankhwala a anankafumbwe, yotsala siikwana bwinobwino K3,000. Chaka chathunthu! Pamwezi ndi K250, ndalama imene ine ndimaipeza ndikasoka madiresi awiri a chitenje. Anthu atatu akuluakulu kuwerama kuyambira Okutobala mpaka Juni, chifukwa cha K250 pamwezi.

Ndipo matumba 16 a chakudya aja safika pa zokolola zina. Kumudzi simudya nokha. Pofika kumapeto kwa Januwale ndine ndemwe ndimagula unga kuno n'kukweza pa galimoto.

Mlongo wanga akuti tisiye chimanga, munda wonse tithire soya. Amayi akuti soya saphikira nsima, ndipo safuna kumvanso za nkhaniyo. Ine ndili pakati, pakuti ndalama yolimira imachoka pa makina anga osokera. Tipitirize ndi FISP, kapena ndalama ndi mphamvu zimenezi tiziike kwina, pa nshawa kapena mbuzi? Kodi alipo amene fatalezayu anamuchotsadi pa umphawi, kapena tonse tikungozungulira pamodzimodzi?

Mphunzitsi wopuma, Katete:

Mwanangu, masamu ako ali bwino, koma pali mzere umodzi umene sunalembe. Matumba 16 amene anadyedwa pakhomo ndi ndalamanso. Uwawerengere ngakhale pa K340 yomweyo, ndi K5,440, ndipo ukanawagula mu Januwale sakanakhala pa mtengo umenewo. Munda wa amayi ako unabala ndalama yoposa imene waona, kungoti gawo lalikulu linalowa m'mbale, silinadutse m'thumba.

Tsopano ndikuuze zimene maso anga aona, popeza fatalezayu ndakalamba naye. Nthawi ya a Kaunda kunali NAMBOARD, bungwe la boma logula zokolola, kunali ngongole za Lima Bank, ndipo kuno kwathu Eastern Cooperative Union inali ndi madepoti m'midzi. Unkadziwa mtengo usanabzale. Boma linalephera kunyamula katundu ameneyo, ndipo atalowa a Chiluba mu 1991 anati msika udziyendetse wokha. M'zaka zimenezo alimi ambiri kuno anabwerera ku chimanga cha makolo chopanda fataleza. A Mwanawasa ndiwo anabweretsa pulogalamuyi mu 2002, ikutchedwa Fertiliser Support Programme: matumba 8 ndi mbewu ya 20 kg, zokwanira hekitala imodzi, kwa alimi 120,000, mlimi n'kulipirako theka la mtengo. Mu 2009, nthawi ya a Rupiah Banda, dzina linasintha kukhala FISP ndipo matumba anadulidwa pakati, anayi ndi mbewu ya 10 kg, kuti afikire anthu ambiri. Lero olandira apitirira pang'ono 1 miliyoni. Poyamba ankati munthu alandire zaka zochepa, aime payekha, apatse mpata mnzake. Ine pamudzi pano ndikudziwa anthu amene analowa ali ndi mwana kumsana, lero mwanayo ali ndi banja lake ndipo akufunanso dzina lake lilowe.

Chifukwa chake n'chiyani? Maganizo anga ndi akuti pulogalamuyi cholinga chake chachikulu si kulemeretsa amayi ako. Cholinga n'chakuti dziko likhale ndi chimanga, unga usakwere m'matauni. Amene tinalipo tikukumbukira zipolowe za unga ku Copperbelt mu 1986 ndi ku Lusaka mu 1990. Kuchokera pamenepo palibe boma limene limaseweretsa mtengo wa unga, kaya likhale la chipani chiti. Ndiye dzanja limodzi limakupatsa fataleza wotchipa, linalo limagwira mtengo wa chimanga kuti usathawe, nthawi zina potseka malire kuti chisatuluke. Ife a kuno zimatipweteka kwambiri, pakuti malire a ku Mwami ali pakhomo pomwepa ndipo zaka zambiri abale athu a ku Malawi amachifuna chimangacho pa mtengo wabwino.

Sindikunena kuti mtengo sunakwere. FRA inagula pa K180 mu 2022, K280 mu 2023, K330 mu 2024, K340 mu 2025. Koma funsa amayi ako mtengo wa saladi, wa sopo ndi wa chigayo m'zaka zomwezo.

Tsono yankho langa ndi ili: asachoke pa FISP, koma aleke kuyembekeza kuti sukulu, maliro ndi malata zidzachokera mmenemo. Matumba 6 ndi a nsima.

Mlembi wa kopaletivu, Petauke:

Asisi, ndikufunseni kaye: munda umene anathira matumba asanuwo ndi waukulu bwanji? Ndikufunsa chifukwa ndikudziwa mmene amayi athu amachitira. Mbewu ya 10 kg ndi ya ma lima awiri, theka la hekitala. Alangizi amatiuza kuti lima imodzi ifuna thumba limodzi la wapansi ndi limodzi la wapamwamba. Ndiye matumba 6 ndi a ma lima atatu basi. Koma mayi akaona munda wa makolo ake uli ma lima asanu, mtima sumulola kusiya mbali ina. Mbewu yogula ikatha amatapa ya m'nkhokwe, fataleza n'kumangodontheza pang'onopang'ono phando lililonse kuti afike kumalire. Mapeto ake palibe phesi limene lakhuta, ndipo kupalira kwachuluka kawiri. Yureya amathiridwa udzu uli m'chiuno, wodya bwino ndi udzuwo.

Za kugawana zija ndisakunamizeni, ndi zoletsedwa, fataleza ndi wa munthu mmodzi amene reji yake, chitupa cha unzika, ili m'kompyuta. Koma ife okhala ndi mabuku timaona zimene zimachitika. Kwathu olipira umembala ndi ochuluka kuposa mayina amene amatuluka, ndipo amene sanatuluke ndi mng'ono wako, mpongozi wako, mnzako wa kutchalitchi. Mukukumbukira chaka chija anthu anadandaula dziko lonse kuti akugawana fataleza pa meda, kachitini koyezera. Munthu amene amadzudzula zimenezi ali mu ofesi sanayang'anepo m'maso mwa mbale wake mu Disembala.

Kuchoka pa FISP kokha ndiye ayi. Mukulipira K400 pa katundu amene musitolo thumba limodzi lakhala likuyandikira K1,000. Palibe bizinesi ina imene ingakupatseni zotere. Komanso dzina likachoka, kuti libwererenso ndi ntchito. Ndipo poti tsopano ndi e-voucher, uthenga umabwera pa foni n'kukatenga kwa ogulitsa zaulimi ovomerezeka, onetsetsani kuti nambala yolembedwayo ndi ya amayi enieni ndipo simu ili m'manja mwawo. Mayina ambiri amavuta chifukwa munthu analembetsa nambala ya mdzukulu amene anapita nayo ku Lusaka. Pa e-voucher mutha kusankhanso zina, osati chimanga chokha, monga mbewu ya nshawa kapena soya ngati wogulitsayo ali nayo. Apitenso msanga uthenga ukangofika, pakuti omaliza amapeza zotsala.

Ena akuuzani za ngongole ya SAFF imene boma linayambitsa kudzera m'mabanki. Ndi yabwino kwa amene ali ndi munda wokulirapo ndi kwina kotapa zikavuta. Ngongole siidziwa kuti mvula yadula. Mu 2024 a Pulezidenti Hichilema analengeza chilala kuti ndi tsoka la dziko kumapeto kwa Febuluwale, maboma 84 mwa 116 atakhudzidwa, ndipo dziko lonse linakolola chimanga chokwana matani pafupifupi 1.5 miliyoni, osafika theka la chaka chapitacho. Gogo wolera ana amasiye ine sindingamulowetse mmenemo.

Wanjinga wa pa Great East:

Nonse muyamba kutukwana mavenda, ndikudziwa. Ine nyengo yokolola ndimaimika sikelo pamsewu. Chimanga cha mu Meyi chimakhala chisanaume, ndikachisunga chimapepuka, china chimawola, ndilipire mayendedwe, ndilipire levi. FRA siigula mpaka chinyezi chitsike kufika 12.5 peresenti, ndipo ndalama yake imadzera ku banki kapena pa foni, si ya pompopompo. Ine ndimapereka m'manja tsiku lomwelo, maliro ali pakhomo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, asisi. Sindinakakamizepo munthu. Alipo anzathu amene amaseweretsa sikelo, zimenezo n'zoona, choncho amayi aziyeza ndi tini yawo asananyamule.

Mayi wa ku Chipangali:

Amwali, ine ndiyankha ngati mzimayi mnzanu amene ndalera ana ndi munda, bambo awo atatisiya.

Atate a ku Katete anena zoona, alembi anenanso zoona, koma bala lanu lili pa matumba 7 aja. Mukanawasunga miyezi iwiri kapena itatu yokha, thumba lililonse likanabweretsa K140 yoonjezera. Ndi K980 imene inatayika chifukwa choti mu Meyi panyumba panalibe ndalama ya nsapato. Inu mumatumiza ndalama mu Seputembala ndi mu Januwale, koma mwezi umene amayi amakufunani kwambiri ndi Meyi, pamene aliyense m'tauni amati kumudzi akolola, ali bwino. Ali bwino m'mimba, m'thumba mulibe kanthu.

Chitani chonchi. Chaka chino venda mukhale inuyo. Amayi akafuna kugulitsa mu Meyi, muwatumizire ndalama ya matumbawo pa mtengo womwewo umene wanjingayu akanapereka, chimangacho chikhale chanu. Chiume bwino, muchithire mankhwala kapena muchiike m'matumba a PICS aja a mapulasitiki awiri mkati, osafuna mankhwala. Mu Januwale, mmalo mogula unga m'tauni n'kulipira galimoto, mungowauza kuti tsegulani thumba langa. Ngati muli m'chilimba ndi anzanu a pamsika, pemphani kuti inu muzilandira mu Epulo.

Za mlongo wanuyo, muuzeni afunse amene anathira soya munda wonse mu 2023. Chaka cha 2022 mtengo unali wabwino, aliyense anathamangira komweko, ndipo chaka chotsatiracho unagwa mpaka anthu kumangoyang'ana matumba m'nyumba. Ine ndinali ndi lima imodzi yokha, ndinapulumukira nshawa. Soya alime, sindikukana, amakonzanso nthaka, koma munda wonse ayi. Amayi anu akamati saphikira nsima akudziwa zimene akunena.

Ine munda wanga ndinaugawa. Fataleza wa FISP yense amapita pa ma lima atatu a chimanga, osapitirira. Mbali inayo nshawa, ndipo chaka chotsatira zimasinthana. Chimanga chobzalidwa pamene panali nshawa mumachiona nokha masamba ake, obiriwira bii, ndipo kaufiti amachepa. Munda umene wakhala ukudya yureya ndi chimanga chokhachokha zaka ndi zaka nthaka yake imatopa, imachita asidi, ngakhale muthire bwanji siiyankha mpaka ione laimu kapena manyowa. Mbewu ya nshawa ndimagwiritsa MGV5 ya ku Msekera, komanso ndimasungako Chalimbana wa makolo chifukwa alipo ogula amene amamufuna yekhayo.

Koma ndisakukometsereni. Nshawa ndi ntchito ya msana ndi zala. Kukumba, kuthothola, kuyanika, kusenda, manja amachita matuza. Zikanyowa pouma zimagwira chuku ndipo ogula abwino amazikana. Musalole kuti aziwaze madzi pofuna kuti zisendeke msanga, ndi mmene chuku chimalowera. Ubwino wake ndi wakuti nshawa simugulitsa tsiku limodzi. Ndimasunga zosasenda, zikafunika ndalama ya chigayo ndisenda meda ziwiri. Zina ndimasinja nsinjiro, zina ndimakazinga n'kupatsa mtsikana wanga akagulitse pamsewu. Ndalama yake imabwera pang'onopang'ono chaka chonse, pamene ya chimanga imabwera kamodzi, abale onse n'kumva, pakatha milungu iwiri yatha. Kwathu kuno ena amagulitsa ku kampani ya COMACO, amene amapanga chiponde cha It's Wild, koma kumeneko muyenera kukhala m'gulu lawo ndi kutsata kalimidwe kawo, monga kubzala mitengo ya gliricidia m'munda ndi kusatentha mapesi.

Mbuzi ndi zabwino ngati pali woziyang'anira nthawi ya dzinja. Zikalowa m'munda wa eni ake mlandu wake kwa amfumu umadya mbuzi yomweyo.

Telala wa ku Kapata:

Zikomo nonse. Alembi, mwalasa: munda wake ndi ma lima asanu, ndipo amayi amati kusiya mbali yosalima n'kuitana anthu kuti akapemphe malowo kwa amfumu. Ngati mbaliyo ikhala ya nshawa, mwina amva.

Amayi a ku Chipangali, nzeru yogula chimangacho ndaikonda, koma ndili ndi mantha amodzi. Chikakhala m'nyumba mwa amayi, aliyense adziwa kuti chilipo. Mlongo wanga akafuna ndalama ya batire la njinga yamoto, kapena amayi aang'ono akabwera ndi lichero mu Novembala, amayi sangakane, ndipo ine ndili kuno sindingaone. Ndichibweretse ku Chipata? Chipinda changa ndi chimodzi, momwemo makina, momwemo bedi.

Atate a ku Katete, funso langa lomaliza lija simunaliyankhe. Alipo amene anachoka pa umphawi ndi fatalezayu?

Mphunzitsi wopuma, Katete:

Alipo, mwanangu, koma amene ndikuwadziwa ine anali kale ndi ng'ombe zawo ndi ngolo, kapena mwana wolandira malipiro, kapena dimba la tomato ndi repu losaphwa madzi. Amabzala ndi mvula yoyamba chifukwa sadikira ng'ombe za eni, amagula matumba ena oonjezera ndi ndalama yawo, ndipo sagulitsa mu Meyi. Wopanda zimenezi, mwezi wopalira amakagwira ganyu m'munda wa amene ali nazo, wake uli kumera udzu. Kwa amayi ako, mwana wolandira malipiroyo ndiwe.

Mayi wa ku Chipangali:

Musabweretse ku Chipata, mudzalipira galimoto kawiri. Amalume anu alipo? Ngati alipo, nkhaniyi iyambire kwa iwo, pakuti ndiwo eni mbumba ndipo mlongo wanu sangawadutse. Pitani nokha tsiku losoka matumba, amalume ali pomwepo, mulembe dzina lanu pa thumba lililonse ndi inki yosafufutika, ndipo munene pamaso pa onse kuti ichi ndi cha Januwale ndi Febuluwale. Asungire amalumewo ngati nyumba yawo ili ya simenti pansi, matumba akhale pa mitengo osakhudza khoma.

Ndipo siyani thumba limodzi lopanda dzina kwa amayi. Amayi aang'ono adzabwerabe ndi lichero lawo, ndipo amayi anu sadzawabweza chimanjamanja, kaya mulembe kaya musalembe. Mbewu ya nshawa yambani kufunafuna mu Ogasiti, nthawi ya Kulamba isanapite, chifukwa pofika Novembala imakhala yadula ndipo yambiri ndi yosakaniza.